Pizza ya ku Turkey yopanda nyama, ndani anayesapo?

NaBanda: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa amene mumadziwa zakudya za ku Turkey. Pali pizza ina yopyapyala, ilibe tchizi, amaipinda n'kumadya ndi manja, akuti lahmacun. Mwana wanga anaiona pa foni ndiye sakundipatsa mpumulo. Koma bambo akunyumba adokotala anawauza kuti achepetse nyama yofiira chifukwa cha BP, ndipo ine zophika miphika iwiri ayi. Ingatheke popanda nyama? Uvuni ndili nayo, ija ya pa kuka wamba, koma za magetsi kuno ku Area 25 mukuzidziwa kale.

Malume Gama: Imani kaye mayi. Nyama mulibe, tchizi mulibe. Ndiye pa pizzapo patsala chiyani? Imeneyo ndi chapati yopaka tomato basi.

Mayi a Chisomo: A Gama mwayambapo. Asiyeni anthu afunse. Mphatso uli kuti? Iwe unaphunzira komweko, bwera uyankhe.

Mphatso: Ndabwera amayi. Anti NaBanda, zimatheka ndithu, ndipo ndimapanga kuno ku Chilomoni. Ine ndinali ku Gaziantep, kumwera chakummawa kwa Turkey kufupi ndi malire a Syria, ndipo kumeneko ndi kumene lahmacun amainyadira kwambiri. Mzindawu UNESCO inauika pa mndandanda wa mizinda yotchuka ndi zakudya mu 2015, ndiye anthu ake pa nkhani ya kukhitchini sagonja. Malume akunena zoona pa chimodzi: yeniyeni imakhala ndi nyama ya nkhosa yogaya. Koma tchizi sanakhalepo chiyambire. Dzina loti pizza limamveka kwambiri ku Ulaya, makamaka ku Germany kumene kuli anthu a ku Turkey ambiri.

Chimene muyenera kudziwa ndi ntchito imene nyama ija imagwira. Sikuti imakhala yambiri ayi, amangopaka pang'ono, kusakaniza ndi tomato, tsabola ndi parsley. Koma ndi nyama yamafuta. Ikalowa pamoto mafutawo amasungunuka n'kukazinga zamasamba zija pomwepo pamwamba pa buledi. Mukachotsa nyama mwachotsa mafuta, ndipo zamasamba zimangotulutsa madzi. Ndiye nkhondo yonse ili pamenepo: chotsani madzi, bwezeranipo mafuta.

Malume Gama: Mwamva? Mwana wa ku Turkey wavomera kuti ndanena zoona.

Mphatso: Pa chimodzi chokha malume 😂

NaBanda: Zikomo mwanangu. Ndiye m'malo mwa nyama ndiike chiyani? Ndipatse ndi miyezo yomwe, ine za "pang'ono pang'ono" zimandisokoneza.

Mphatso: Tiyambe ndi ufa wokanda, ndi wosavuta.

Fulawa wa buledi magalamu 500, osati uja wofufumitsa yekha. Madzi ofunda 300 ml, mwina kuwonjezera supuni imodzi kapena ziwiri ngati fulawa ndi wouma kwambiri. Mchere tiyisupuni imodzi ndi theka. Mafuta ophikira supuni ziwiri. Isiti tiyisupuni imodzi yokha. Kandani mphindi 10 mpaka usiye kumata m'manja, vindikirani ola limodzi, kenako dulani timipira 12. Timipirato tipumenso mphindi 15 pansi pa nsalu yonyowa, apo ayi mukamatambasula tizingobwerera.

Potambasula ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kampira kamodzi kafike pa kukula kwa mbale yodyera, masentimita 22 kapena 25, ndipo kapyapyale mamilimita awiri. Mukaukweza m'mwamba zala zanu zizioneka mbali inayo.

Anti Loveness: Moni kuchokera ku London. Mphatso, isiti tiyisupuni imodzi pa theka la kilo? Siyochepa imeneyo? Kuno timapaketi ndi ta magalamu 7 ndipo pa buledi ndimathira konse.

Mphatso: Pa buledi inde anti, chifukwa mumafuna afufume. Apa sitikufuna kufufuma, tikungofuna kufewa. Ophika ena ku Turkey sathira n'komwe. Kwathu kuno timapaketi ndi ta magalamu 10, ndiye amene angakhuthule konse apeza zotupa ngati sikono.

Che Mussa: Salaam kwa nonse. Ine ndimakhala ku Midrand, ku South Africa, ndipo Lachisanu timakaswali ku mzikiti wa Nizamiye, uja anamanga a ku Turkey n'kutsegulidwa mu 2012. Pamalopo pali malo odyera ndi timashopu. Zimene akunena Mphatso ndaziona ndi maso: munthu amagwira kampira, kamtengo kawiri katatu, basi kafika pa mbale. Amapaka ndi zala, osati supuni, mpaka m'mphepete mwenimweni. Uvuni yawo ndi yamwala, ndipo usanamalize kulipira chakudya chatuluka kale.

Koma achemwali NaBanda, ngati nyama simukuifuna, bwanji osapanga pide? Ija yooneka ngati bwato. Imeneyo ilipo ya sipinachi ndi tchizi, ya bowa, ya mbatata, ndipo palibe angakunenani kuti mwasintha chakudya cha eni ake.

NaBanda: Pide ndi chinanso? Ine ndimayesa ndi chimodzi.

Che Mussa: Zosiyana. Pide ufa wake ndi wokhuthalako, amapinda m'mphepete n'kutsina nsonga ziwiri. Podya amadula zidutswa, sakulunga.

Mphatso: Eya, ndipo pide kwawo kwenikweni ndi kumpoto, m'mbali mwa Black Sea. Ku Bafra, m'dera la Samsun, amapanga yaitali yotseka pamwamba. Ku Trabzon amaika tchizi, batala, ndi dzira pakati. Ku Konya kuli ina yopyapyala yaitali pafupifupi mita, etli ekmek, koma imeneyo ndi ya nyama. Che Mussa akunena zoona kuti pide siivuta, koma tchizi kuno mtengo wake mukuudziwa. Lahmacun yopanda nyama ndi yotchipa kwambiri, ndi chifukwa chake ine ndimaikonda.

Komanso zoti palibe yopanda nyama ya eni ake si zoona kwenikweni. Ku Hatay amapanga biberli ekmek: buledi wopyapyala wopaka tsabola wofiira wogaya, anyezi, chitowe ndi mafuta a olive. Mulibe nyama ngakhale pang'ono ndipo ndi chakudya chakalekale. Ndiye malume asatiopseze.

Malume Gama: Ine ndangokhala phee, ndikuonera.

Anti Loveness: Ndiloleni ndilowererepo ngati namwino, chifukwa NaBanda watchula BP. Kuchotsa nyama yofiira ndi bwino, koma mdani wamkulu pa BP ndi mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti tiyisupuni imodzi yosadzaza, kuwerengera zonse wadya kuyambira mmawa. Mchere wa mu ufa wa Mphatso ukagawidwa pa 12 suopsa, sufika galamu imodzi pa chilichonse. Koma tsabola wogaya wa m'mabotolo uja, biber salçası, amene ndimagula ku Green Lanes kumashopu a anthu a ku Turkey, mchere wake ndi woopsa, chifukwa ndi umene umausunga. Tchizi choyera cha mu pide chimodzimodzi. Ndiye mchemwali, ngati ndi za bambo, pita ku lahmacun, ndipo zopakazo usathire mchere mpaka utalawa. Ndimu akathiridwa pamwamba lilime silidandaula.

NaBanda: Apo mwandithandiza achemwali. Bambo amenewa ndi aja othira mchere asanalawe.

Mayi a Chisomo: Onse ndi amodzi. Mphatso, sunatiuzebe zopakazo.

Mphatso: Pepani amayi, netiweki inathawa. Nazi.

Njira imene ndimaikonda ine ndi ya soya pieces, zomwe zija timadyera nsima. Paketi imodzi yaing'ono. Kapaketi ka zokometsera kali m'katimo kaikeni pambali, ndi mchere wokhawokha, Anti Loveness angatikalipire. Viikani soya m'madzi otentha mphindi 10, finyani zolimba ndi manja, kenako sinjani mu kamtondo mpaka zinyenyeke ngati nyama yogaya. Zisakhale phala. Zikazingeni ndi mafuta supuni zitatu mpaka zichite bulawuni, n'kuziika pambali zizizire.

Zamasamba: tomato 3 wakupsa bwino, anyezi mmodzi wamkulu, gilini pepa mmodzi, pepa wofiira mmodzi ngati alipo, adyo timano 4, parsley wodzaza dzanja. Duladulani tating'onoting'ono ndi mpeni. Zikatero ikani mu sefa kapena pa kansalu koyera n'kufinya. Mudzadabwa madzi ake, amatha kudzaza kapu. Musataye, ndi abwino mu nyemba.

Kenako sakanizani soya, zamasamba, tomato wa m'chitini supuni ziwiri, paprika supuni imodzi yodzaza, cumin theka la tiyisupuni, tsabola wakuda pang'ono, ndi mafuta enanso supuni zitatu kapena zinayi. Ndikudziwa mukuti mafuta achuluka, koma gawani pa 12 muone. Zosakanizazo zikhale zoti mukapaka ndi zala zikuyenda, koma mukapendeketsa mbale madzi sakutsika.

Tadala wa ku Mzuzu: Bulenda siingathandize? Kudula zonsezo ndi mpeni ndi ntchito asisi.

Mphatso: Ingathandize koma igundeni kawiri katatu kokha, osaisiya ikulira. Ikalira nthawi yaitali anyezi amasanduka madzi ndipo amawawa. Ku Gaziantep ogulitsa nyama ali ndi chimpeni chachikulu chopindika, zırh, chimene amadulira nyama ndi masamba pamodzi, ndipo akamva za makina amakwinya nkhope.

Che Mussa: Mphatso waika anyezi. Mnzanga wina wa ku Gaziantep kuntchito amati lahmacun ya anyezi si yakwawo.

Mphatso: Hahaha akunena zoona, mkangano umenewo ndi waukulu. Ya ku Gaziantep ndi ya adyo, anyezi salowamo. Ya ku Şanlıurfa, mzinda woyandikana nawo, ndi ya anyezi ndi tsabola wakuda bii wotchedwa isot, amene amamuyanika padzuwa kenako n'kumukulunga m'matumba kuti atuluke thukuta, mpaka ade. Anthu a mizinda iwiriyi akakumana pa nkhaniyi simungawaleretse. Ine ndimaika zonse ziwiri chifukwa popanda nyama anyezi ndi amene amabweretsa kutsekemera. Musakamuuze mnzanuyo.

Chinanso chimene ndinachikonda kumeneko: mabanja ambiri saphika lahmacun kunyumba. Amakonza zopakazo, kapena kuwauza a butchala awakonzere, n'kumutuma mwana ndi beseni ku bekale ya m'dera. A bekale ndi amene ali ndi ufa ndi uvuni, amangolipiritsa pa chimodzichimodzi. Lamlungu masana mumaona ana ali pamzere ndi mabeseni. Ndiye musadzimvere chisoni kuti uvuni yanu ndi yofooka, ngakhale eni ake amadziwa kuti ya kunyumba siikwanira.

Mayi a Chisomo: Ine soya pieces sindigwirizana nazo, zimandinunkhira katoni. Kuno ku Zomba mvula ikagwa bowa amadzaza m'mbali mwa msewu. Utale sangalowe pamenepo?

Mphatso: Angalowe, ndipo pa kukoma bowa amaposa soya. Koma bowa pafupifupi 90 peresenti ndi madzi. Mukagula wooneka wambiri, akaphikidwa amatsala wodzaza dzanja. Mufunika theka la kilo kapena kuposa, mumudule tating'ono, mumukazinge pa moto waukulu mpaka madzi onse aphwe ndipo ayambe kulira m'mafuta.

Mayi a Chisomo: Iwe mwana, bowa wakutchire sitimukazinga chabe. Amayamba wawira kaye, mchenga uchoke, apse bwinobwino. Mphindi zitatu za pa buledi wakozo sizingapsetse utale. Ndipo amene simudziwa bowa gulani kwa amayi amene amagulitsa chaka ndi chaka, osati kukazula nokha chifukwa mwaona pa gulu pano. Chaka chilichonse timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala.

Koma ine ndingagwiritse wouma uja. Kumuviika, kumuwiritsa, kumufinya, kumusinja. Fungo lake ndi lamphamvu, ndiye pang'ono pokha akwanira. Ndipo mafuta ochulukawo ndingachepetse n'kuika nsinjiro supuni zitatu. Bowa wotendera tonse timamudziwa, bwanji pa buledi?

Mphatso: Amayi, imeneyo ndiyesa ine. Ku Turkey amene sadya nyama amaika mtedza wa walnut wosinja pa chifukwa chomwecho, mafuta ndi kukhutitsa. Nsinjiro igwira ntchito yomweyo. Kungoti isachuluke, imapserera msanga ndipo ingaphimbe tsabola.

Anti Loveness: Ine kuno ndimapangira lentils, zobiriwira kapena zabulawuni. Zofiira ayi, zimasungunuka n'kukhala phala. Kapu imodzi, kuwiritsa mphindi 20 mpaka zipse koma zisaphulike, kukhetsa madzi, kuphwanya theka ndi foloko. Kwathu ndikanagwiritsa mphodza kapena nandolo wouma.

Tadala wa ku Mzuzu: Nandolo pa pizza 😭 ana anga angandithamangitse.

Anti Loveness: Osawauza. Ikalowa paprika ndi adyo sazindikira.

Bambo a Yamikani: Ine ndimangowerenga koma apa ndifunse. Zonsezi mwakambazi ndi za anthu a uvuni. Kuno ku Mchinji ndili ndi mbaula basi. Ndiye ife titsalire?

Mphatso: Ayi bambo, mwina inu ndi amene muli pabwino. Ndifotokoze za moto, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Uvuni yamwala imatentha kupitirira madigiri 350, ndipo lahmacun imapsa mu mphindi ziwiri kapena zitatu. Pansi pamachita timadontho takuda, koma buledi amakhalabe wofewa moti mungapinde. Uvuni ya kunyumba imathera pa 250. Mukaika pa thileyi yozizira imatenga mphindi 12 kapena 15, ndipo nthawi yonseyo ufa wopyapyala uja ukungouma. Mumatulutsa chinthu choti mukapinda chimathyoka.

Amene muli ndi uvuni: tembenuzani thileyi chadodolido, ikani pa shelefu ya pamwamba, yatsani mpaka pothera, dikirani mphindi 30 thileyiyo itenthe. Tambasulirani ufa pa pepala lophikira kapena pa kabolodi kowaza fulawa, pakani, n'kutsetsereka pa thileyi yotenthayo. Mphindi 5 kapena 6. Imodzi kapena ziwiri pa nthawi, osadzaza.

Amene muli ndi mbaula: chiwaya chokhuthala chouma, opanda mafuta, chitenthe kwambiri. Ikani ufa wopaka kale, vindikirani. Mphindi 3 kapena 4 pansi papsa. Vuto limatsala pamwamba, pamapsa ndi nthunzi yokha ndiye sipachita bulawuni.

Mayi a Chisomo: Limenelo si vuto. Makala pa chivindikiro, monga timachitira ndi chigumu. Chivindikiro chikhale chachitsulo chosalala, makala oyaka asanu kapena asanu ndi limodzi pamwamba, ndipo muchitenthetseretu musanayambe. Moto pansi, moto pamwamba. Ana a masiku ano mukuyesa uvuni inabwera ndi magetsi.

Bambo a Yamikani: Eee amayi, apo ndiye mwandiyankha. Chiwaya cha tchipisi chija chingachite?

Mayi a Chisomo: Ngati pansi pake ndi posalala. Cholowa m'kati chija mafuta a zopakazo adzathamangira pakati.

Malume Gama: Ndiye tsopano tafika pa chigumu cha tomato.

Che Mussa: Malume dikirani mumve kadyedwe kake, mwina mutembenuka mtima. Ikatuluka simudya choncho. Mumaika parsley wambiri pakati, masamba athunthu, anyezi wodula mopyapyala, tomato, n'kufinyira ndimu mosaumira. Mukatero mumakulunga n'kugwira m'manja. Kutentha kwa buledi, kuzizira kwa masamba, kuwawasa kwa ndimu, zonse pakamwa pamodzi. Pambali ayran.

NaBanda: Ayran ndi chiyani Che Mussa?

Che Mussa: Yogati wopanda shuga, madzi ozizira, mchere pang'ono, kutakasa mpaka thovu. Kwathu chambiko chichita bwino lomwe, kungochisungunula ndi madzi. Kwa bambo akunyumba musathire mchere.

Mphatso: Ku Gaziantep amaikanso biringanya wootcha pa makala, wosenda n'kuphwanya, m'kati musanakulunge. Kwa ife amene tachotsa nyama, ameneyu ndi wofunika kwambiri, chifukwa amabweretsa fungo la utsi ndipo m'mimba mumamva kuti mwadya. Amene muli pa mbaula ingoponyani mabiringanya awiri pa makala pamene ufa ukupuma.

Anyezi uja amamuwaza sumac, ufa wofiirira wowawasa. Kuno sapezeka wamba. Ine ndimasinja chidede chouma n'kusefa, mtundu ndi kuwawasa zimayandikira. Ndipo maresipi ambiri a pa intaneti mudzaona akuti nar ekşisi, madzi a makangaza owiritsa mpaka kulimba. Musavutike kusaka. Viikani bwemba, sefani, wiritsani ndi shuga pang'ono mpaka anandire pa supuni. Supuni imodzi mu zopaka zija imadzutsa chilichonse.

Tadala wa ku Mzuzu: Parsley kuno ndi wa mu supamaketi basi, ndipo kamtolo kake kungoseka. Coriander wa kwa amwenye sangalowe m'malo?

Anti Loveness: Angalowe koma kukoma kusintha, kupita ku chakudya cha ku India. A ku Turkey masamba a coriander sawakonda kwenikweni. Ine ndingasankhe masamba a anyezi ndi kabichi wodula mopyapyala wothira ndimu. Kapena dzala parsley mu chitini mchemwali, kozizira ngati ku Mzuzu amakula bwino, kungoti mbewu yake imachedwa kumera, mpaka masabata atatu kapena anayi.

Mphatso: Za tsabola wogaya uja Anti Loveness anatchula, amene mukufuna kukoma kwenikweni mungapange nokha opanda mchere wambiri. Pepa wofiira 6, kambuzi mmodzi kapena awiri, kuchotsa njere, kugaya, kuwiritsa pa moto wochepa mpaka atsale wolimba. Kumeneko mu August ndi September madenga a nyumba amafiira ndi mathileyi a tsabola ameneyu akuuma padzuwa. Wopanda mchere sakhalitsa, ndiye mu filiji masiku ochepa okha, kapena mu filiza.

Malume Gama: Kambuzi mmodzi? Mukuphikira odwala?

Anti Loveness: Inde malume, ndi nkhani imene tayambira.

Loweruka

NaBanda: Ndabwera ndi lipoti. Ndinapanga dzulo madzulo, ya soya, ndi bwemba yemwe. Zinayi zoyamba ndinaika mu uvuni monga ananenera Mphatso, thileyi chadodolido. Zinapsa bwino koma m'mphepete munali gwa. Kenako magetsi anapita, ndiye zotsalazo ndinamalizira pa mbaula ndi makala pa chivindikiro. Anthuni, za pa mbaula ndi zimene zinatha koyamba. Pansi timadontho takuda, popinda osathyoka. Bambo adya zitatu ndipo sanafunse za mchere. Afunsa kuti nyama yake ndi ya chiyani.

Mayi a Chisomo: Ndinanena ine.

Mphatso: Anti mwachita bwino! Za m'mphepetezo pali zinthu ziwiri. Pakani mpaka kumapeto, osasiya malire ngati pizza ya ku Italy, chifukwa pamene pali posapaka ndi pamene pamauma. Chachiwiri, zikamatuluka musaziyale payokhapayokha. Sanjikizani mu mphika waukulu kapena pa thileyi, ziwiriziwiri moyang'anizana kumene kuli zopaka, n'kuphimba ndi nsalu. Nthunzi yake imafewetsa ngakhale zimene zinauma.

Bambo a Yamikani: Kunonso zatheka. Ine ndinaika nandolo ndi biringanya. Potambasula ndinagwiritsa botolo. Funso langa: pakati pamafewa kwambiri moti ponyamula kupita pa chiwaya zinang'ambika ziwiri.

Che Mussa: Mumapaka n'kusiya zikudikira? Ufa wopyapyala ukakhala ndi zonyowa pamwamba mphindi zochepa zokha umamwa madzi. Pakani pamene chiwaya chatentha kale, imodzi imodzi. Kapena ikani ufa pa chiwaya kaye, masekondi 20, n'kupakira pomwepo ndi kumbuyo kwa supuni. Zala ayi pamenepo, mungapse.

Bambo a Yamikani: Ndinapakiratu zonse zisanu n'kuziika pa tebulo. Ndamva.

Tadala wa ku Mzuzu: Ine ndinapita njira ya Che Mussa, pide. Ufa womwewo koma ndinawonjezera isiti n'kudula timipira 6. M'kati ndinaika bonongwe m'malo mwa sipinachi, wofwafwaza ndi anyezi n'kufinya, tchizi pang'ono, ndipo itatsala pang'ono kupsa ndinaswera dzira pakati. Ana amene amathawa bonongwe pa nsima anamenyanirana. Koma nsonga zija zinatseguka mu uvuni, bwato linasanduka mbale.

Mphatso: Nyowetsani nsonga ndi madzi musanatsine, ndipo mupotokole pang'ono. Ikatuluka pakani batala kapena majarini m'mphepete ikadali yotentha, ndi mmene amachitira ku Black Sea.

Anti Loveness: Amene muli ndi filiza, pangani zambiri kamodzi. Zikazizira sanjikizani ndi pepala pakati, m'pulasitiki, zimakhala mwezi bwinobwino. Ndikachoka ku shifiti ya usiku ndimangoponya imodzi pa pani youma, kuvindikira mphindi ziwiri, basi. Mu microwave ayi, imatuluka yotafunika movuta.

Malume Gama: Mayi akunyumba awerenga zonsezi pa foni yanga ndipo atuma mwana kukagula soya pieces. Ndikuimbani mlandu nonse. Ine yanga ndawauza aikemo kambuzi anayi.

NaPhiri wa ku Chipata: Nabwera mochedwa, nawerenga zonse. Fulawa yadula maningi kuno. Sningasakanize na ufa wa chinangwa olo wa chimanga kuti ichuluke?

Mphatso: Asisi, pang'ono pokha. Chimene chimalola ufa kutambasuka mpaka mamilimita awiri osang'ambika ndi gluten, ndipo ali mu tirigu, mu chinangwa ndi chimanga mulibe. Pa makapu anayi a fulawa mungachotse theka la kapu n'kuikapo wa chinangwa wosefa bwino. Mukapitirira apo uzing'ambika ponyamula. Wa chimanga usungeni wowaza pa bolodi kuti zisamate, pamenepo umagwira bwino kuposa fulawa.

NaPhiri wa ku Chipata: Ya brown bread flour nayo?

Mphatso: Theka ndi theka ndi woyera, ndipo muwonjezere madzi supuni ziwiri kapena zitatu chifukwa amamwa kwambiri. Mupatseninso nthawi yopuma yochulukirapo, mphindi 30, musanatambasule.